Tcheni Yatsopano pa Motoka ya Atate

Atate ndi amuna anga anakhala zaka zambili osalankhulana, koma sikuti anali pa udani. Unali ulemu chabe. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, sadya nawo mbale imodzi, ndipo akakhala ndi mawu amadzela kwa mkazi wake. Mabanja ambili ku Petauke ndi ku Nyimba anali atayamba kale kuufewetsa mwambowu, ena mpaka kuonelela mpila pa benchi imodzi ndi apongozi awo. Koma anga awili aja, awe! Atate anabwela nawo mwambo kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo anausunga monga ankasungila masipanala awo. Amuna anga nawonso ndi Mnsenga wouma mutu, woti akauyamba ulemu sadziwa polekela.

Ine ndiye ndinali mthenga wawo. Atate ali pa mpando uku, amuna anga anyonyomala apo, pakati pawo pongokwana nkhuku kudutsa, koma mawu adzele kwa ine. "Uwafunse amuna ako ngati ayenda bwino." "Muwauze atate kuti tayenda bwino, koma mseu waonongeka." Ine n'kumabweleza ngati chitsilu zinthu zimene onse awili azimva kale ndi makutu awo. Nthawi zina ndinkapsa mtima n'kunena kuti, "Kodi simunamve? Ine ndasiya ndiwo pamoto!" Atate ankangodikila mpaka nditabweleza.

Atate anaphunzila za mainjini ku msasa wa othawa nkhondo, pothandiza madilaiva amene ankabweletsa chimanga. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela kwawo, koma iwo anatsala, n'kumanga nyumba kunja pang'ono kwa Nyimba. Patapita zaka anagula motoka yawoyawo, ija yokhala ndi ngolo kumbuyo. Inali yoyela pogula, koma ine ndimaikumbuka ili ya mtundu wa fumbi. Motoka imeneyo inanyamula nshawa, thonje, nthochi, kwaya ya ku chalichi, akwati ndi malilo omwe. Inenso tsiku la ukwati wanga ndinakwela yomweyo, mafuta a injini n'kundidetsa dilesi kumusi, ndipo ndinalila njila yonse. Injini imene inali m'kati sinali yobadwa nayo. Atate anaichotsa mu motoka ina imene inagubuduzika pa phili, n'kuilowetsa mu yawo mwa nzelu zawo.

Chaka chimene ndikunenachi, motoka inali itaima pansi pa mtengo wa mango kuyambila nyengo yozizila. Atate ankati yayamba kulila moipa, ngati miyala m'chitini, makamaka m'mawa ikangolizidwa. Ankati ndi tcheni ya m'kati mwa injini, ija imene imagwilizanitsa giya ya pansi ndi ya pamwamba kuti zonse zizizungulila pa nthawi yake. Tikawafunsa kuti adzakonza liti, ankati sathamangila kulikonse. Tinawakhulupilila, kaili atate sanali munthu wonama.

Ndiye kunabwela foni yochokela ku Nyalugwe. Azakhali, alongo awo aakulu a atate, anali atadwala. Miyendo inali itatupa, ndipo sakanatha kukhala pa njinga kapena pa mthuthuthu. Ankafunika kugona chogona mpaka ku chipatala cha ku Nyimba. Azakhali amenewa ndi amene anandibeleka kumsana pothawa nkhondo, amai anga atasenza katundu. Amai atamwalila, iwo ndi amene anatsala oti ndikalile pamiyendo pawo. Tinayesa kunena zofuna motoka ina, koma uthenga unabwela woti iwo sakwela ya munthu wina, akudikila ya mlongo wawo. Kunali kotentha koopsa, nyenje zikulila, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana kumapili. Aliyense akudziwa kuti mvula ikangoyamba, mseu wa ku Nyalugwe umasanduka phala ndipo timitsinje timadzaza. Azakhali akanatsekeledwa komweko.

Tinanyamuka ku Petauke ine ndi amuna anga, amene panthawiyo ankayendetsa minibasi ndipo ankadziwa za mainjini ndithu. Tinapeza atate atatsegula kale kutsogolo kwa injini. Ladiyeta, ija yozizilitsa injini, ili pa saka, mabauti atayalidwa pa lichelo lakale, aakulu mbali ino, aang'ono mbali iyo, mwadongosolo ngati tomato wa pa msika. Anatenga tcheni yakale n'kuigwila chammbali, ndipo inawelama ngati mchila wa galu wodwala. Anationetsanso tizidutswa ta pulasitiki timene anatola mu oilo, totsala ta zitsulo zotsogolela tcheni.

"Uwauze amuna ako apite ku Petauke akagule tcheni," anatelo atate. "Tcheni yokha."

Amuna anga anatola giya ya pamwamba n'kuyendetsa chala pa mano ake. Mano anali atasongoka ndi kupindika ngati minga. Anandinong'oneza, ine n'kupeleka: "Atate, akuti mano atha. Akuti tcheni yatsopano pa mano awa sikhalitsa, ndi bwino kugula zonse pamodzi."

"Magiya anga ndimawadziwa."

Ndinadabwa, chifukwa kuyambila ndili mwana ndinkamva atate akukalipila anthu pa nkhani yomweyi. Munthu akabwela ndi tcheni yokha ankamubweza, amvekele, "Pita ukagule banja lonse, tcheni siyenda yokha." Ndinawakumbutsa zimenezo, poti ine pakamwa panga sipachedwa. Iwo anangotembenuka n'kuyamba kupukuta sipanala imene inali yoyela kale. Tinakulunga tcheni ndi magiya akale m'saka n'kukakwela basi. Tili m'njila amuna anga anati, "Amake ana, ine ndikagula zonse. Sindingalole kuti tcheni idukile m'thengo, odwala ali m'motoka." Ine ndinati gulani, mkwiyo wa atate ndiusenza ndine.

Ku sitolo ya zitsulo ku Petauke, mwini wake anafunsa mtundu wa motoka, n'kutulutsa bokosi mofulumila. Amuna anga anaseka. Anati, "Bambo, motoka ndi ina, injini ndi ina." Kwathu kuno sugula chitsulo ndi dzina la motoka, chifukwa motoka zambili zili ndi mitima ya zinzake. Umanyamula chakale n'kuchiika pa tebulo. Tinakhutula saka lija, ndipo zinaonekelatu kuti bokosi loyambalo silathu: tcheni yake inali ya mzele umodzi, yathu inali ya mizele iwili. Mwini sitolo anakwela pa mpando, n'kufufuza pamwamba mpaka anatsitsa mabokosi ena awili afumbi.

Apa ndiye amuna anga anandiyesa mtima. Anasanjika giya yatsopano pa yakale, dzino pa dzino, bowo pa bowo, n'kuyang'anila ku dzuwa. Anagwila tcheni iliyonse chammbali kuti aone ngati ikuwelama. Anatenga kachitsulo kokankha tcheni kuti izikhala yokungika, kamene amati tenshona, n'kumakadina ndi chala chachikulu, kudina, kusiya, kudina. Bokosi limodzi linali lokongola, la zilembo zonyezimila, koma zitsulo zake zopepuka. Linalo linali losaoneka bwino, koma ukanyamula giya yake dzanja linkadziwa kuti lanyamula kanthu. Ine ndinali nditatopa, ndinati, "Kodi mukusankha mkazi wachiwili? Azakhali akudwala uko!" Iwo anasankha lolemelalo.

Mwini sitolo anationetsa kuti pa tcheni yatsopano panali mphete zopakidwa utoto wachikasu. Anati mphete zimenezo ziyenela kukumana ndi timadontho ta pa magiya, kamodzi pansi, kamodzi pamwamba. Timadonthoto tinali tating'ono ngati njele ya mapila, tosazama n'komwe. Ine ndinayang'ana pa magiya akale ndipo ndinaona kuti m'malo mwa timadontho panali timaenje takuya. Amuna anga anati atate ndi amene anakhoma okha ndi chitsulo chosongoka. Anaika chala m'kadzenje kamodzi n'kukapapasa mobwelezabweleza.

M'mawa mwake tinafika ku Nyimba ndi bokosi. Atate analitsegula, n'kulowetsa dzanja, ndipo atakhudza magiya nkhope inasintha. "Anakutumani ndani?" Ine ndinati, "Ndine, atate. Ndikalipileni ine." Anapuma mwamphamvu, n'kutembenukila kumapili kumene kunkamveka kugunda kwa mvula ya patali. Kenako anati, "Uwauze amuna ako asambe m'manja, aime mbali iyo."

Ndikatseka maso ndimawaonabe manja a atate tsiku limenelo. Anali manja akuda ndi oilo wa zaka zambili, koma ankagwila chitsulo ngati akugwila khanda. Anachotsa pulagi yoyamba, n'kulowetsa kaphesi ka udzu m'bowo, n'kuuza ine kuti ndiuze amuna anga azungulitse injini pang'onopang'ono ndi sipanala yaikulu. Kaphesi kanakwela, kanakwela, atate atakagwila ndi zala ziwili, mpaka kanaima. "Basi, pisitoni yafika pamwamba." Analowetsa giya ya pansi pa malo ake, anamanga zitsulo zotsogolela tcheni, osayang'ana n'komwe pa lichelo potola mabauti. Amuna anga ali mbali inayo, maso pansi, akupeleka chilichonse ndi manja awili. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana pansi pa boneti, komabe mawu ankazungulila kwa ine amene ndinaima kutsogolo, thukuta lili chuchuchu.

Itafika giya ya pamwamba, atate anachedwa. Anayendetsa chala kuzungulila giya yonse, kubweleza, kubwelezanso. Potsiliza chala chinaima pena pake, ndipo anakoloweka tcheni, n'kumanga bauti. Amuna anga anatsokomola. Anatsokomolanso, kenako anandikodola kuti tipite kuseli kwa motoka.

"Amake ana, zalakwika. Atate agwila kachipsela ka pa chitsulo, akuyesa kadontho. Mphete yachikasu yapitilila ndi mano angapo."

"Ndiye chichitika n'chiyani?"

"Ikalila, sikwela phili. Zikavuta, mapisitoni amenya mavavu, injini yonse n'kuthela pompo."

Ndinati, "Kanenani nokha, inu ndi amene mukudziwa!" Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pa msika. Anati sangathe, mkamwini sauza apongozi ake kuti alakwitsa.

Ndinabwelela kwa atate. Ndinati, "Atate, akuti mwina tionenso bwino pa giya ya pamwambapo." Atate sanadzutse mutu. "Uwauze kuti injini iyi ndinaimanga iwo akali kukumba mbewa." Anatenga gasiketi, kapepala kolimba kotsekela oilo, n'kuyamba kukapaka guluu. Kanali kamodzi kokha m'bokosi, ndipo kakamatidwa sikachoka kabwinobwino. Atamaliza anatambasula dzanja kuti alandile chivundikilo cha kutsogolo kwa injini, chimene chinali m'manja mwa amuna anga.

Amuna anga sanapeleke. Anachikumbatila pachifuwa, n'kugwada nacho m'fumbi.

Dzanja la atate linakhala m'malele. "Uwauze andipatse."

"Muwauze atate andikhululukile," anatelo amuna anga. "Sindipeleka."

Mayo ine! Chikwatilile sindinaonepo zotele. Ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyo, kumapili kukugundabe, ndipo ndinaganiza za azakhali ali gone pa mphasa, khutu lili ku mseu. Mtima unandikwela. Ndinati, "Atate, tisatayane nthawi. Ndilozeleni mphete yachikasu pa tchenipo."

Atate anawelama. Chala chawo chinayenda pa tcheni, chinadutsa mphete yachikasu imene inali kuwala pamaso pawo penipeni, n'kukaima pa mphete yakuda. "Iyi."

Pamenepo zonse zinandibwelela nthawi imodzi. Mabauti oyalidwa pa lichelo. Motoka yoima kuyambila nyengo yozizila. Tiyi amene ankathila pambali pa kapu, ine n'kumawaseka kuti akukalamba. Ku chalichi anali atasiya kuwelenga mawu kutsogolo, ati apatse mpata achinyamata. Ndinachita manyazi, ndinachita chisoni, ndipo ndinalila mokweza ngati kamwana.

Atate anakhala pa bampala n'kupukuta manja pang'onopang'ono. Anati, "Ndimaona ngati muli utsi. Chinayamba chaka chatha. Magiya akale aja ndikanamanga ndi zala, palibe akanadziwa." Kenako anati, "Mwananga."

Ndinayankha, "Atate?"

"Si iwe." Anatembenukila kumene kunagwada amuna anga. "Mwananga, dzuka. Bwela undigwile chala, uchiike pa kadontho."

Amuna anga anandiyang'ana, akudikila kuti ndibweleze monga mwa masiku onse. Ine ndinapukusa mutu. Anaika chivundikilo pa saka, anapukuta manja pa buluku, n'kuzungulila motoka kubwela mbali ya atate. Anagwila chala cha apongozi awo ngati chitentha, n'kuchiyendetsa pa giya mpaka pa kadontho. Anati, "Ndi apa, atate." Mawuwo anatuluka aang'ono kwambili, koma anafika okha.

Anamasula bauti, anachotsa giya, ndipo atate anati aiike pa chitsa. Anaitanitsa hamala ndi chitsulo chawo chosongoka. "Ika nsonga pa kadontho, ugwile zolimba. Usaope, sindikuphwanya chala." Anamenya kamodzi, n'kupapasa kadzenje katsopanoko, n'kugwedeza mutu. Atabwezela giya, amuna anga anakoloweka tcheni, mphete yachikasu pa kadzenje, ina pa kadontho ka pansi, ndipo atate anatsatila ndi chala kuti atsimikize. Anamanga tenshona, tcheni n'kukungika. Anazungulitsa injini ndi sipanala, atate khutu lili pafupi, ndipo inazungulila mofewa osagunda paliponse. Gasiketi inali isanaume, inamata bwino. Ine ndinangotsala wopeleka madzi akumwa.

Dzuwa litapendeka anali atabwezela ladiyeta, athila oilo watsopano ndi madzi. Atate anakhala pa chiwongolelo n'kupotokola kiyi. Motoka inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalila. Miyala ija m'chitini munalibe, inkangong'ung'udza bwinobwino monga ndinkaimvela ndili mtsikana. Atate anamvetsela kwa nthawi, manja ali pa chiwongolelo. Kenako anasendela ku mpando wa mbali inayo n'kusiya chitseko cha dilaiva chili chotsegula.

Tinanyamuka m'mawa, ine kumbuyo ndi matilesi ndi tenti. Motoka inakwela mapili onse osadandaula. Ku Nyalugwe tinapeza azakhali atawatulutsa kale pakhonde, ati anaimva ikali kutsidya kwa dambo ndipo anauza anthu kuti mlongo wanga uyo. Anali atatha, nkhope yaing'ono, miyendo ngati mitondo. Tinawagoneka pa matilesi, mutu wawo pamiyendo panga, n'kutembenuka nthawi yomweyo chifukwa kumwamba kunali kutada.

Tili m'njila ndinkaona mitu iwili ija pa galasi la kumbuyo. Atate ankaloza ndi dzanja, ndipo mawu ankatuluka pa windo: "Chepetsa, kutsogoloku kuli mwala kumanzele. Ukadutsa mlambe ulowe giya yachiwili." Mseu wonse unali m'mutu mwawo. Kenako ndinamva akuseka, onse awili.

Azakhali anatsegula maso. "Iwe, akuyendetsa ndani?"

"Ndi amuna anga, azakhali."

"Nanga akuseka ndi mlongo wanga ndani?"

"Ndi omwewo."

Motoka inkatigwedeza. Kenako anati, "Maso apita eti?" Ndinavomela. Anati, "Ndinadziwa. Ulendo watha anandipatsa moni akuyang'ana mtondo." Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsikila m'makutu. Madontho oyamba anatipeza titawoloka kamtsinje kotsiliza, ndipo ndinakoka tenti n'kufunda nawo pamodzi. Pansi pa tentipo ndinalilanso, ndipo ndinene zoona, china chinali nsanje. Zaka zonse zija ndinkadandaula za ntchito yonyamula mawu, koma itandithela ndinamva ngati andilanda malo.

Azakhali anachila, ndipo anadya chimanga chatsopano zaka zingapo pambuyo pake. Atate sanayendetsenso. Amuna anga ndi amene ankapita ku Nyimba kukawaona, ndipo awiliwo ankatha tsiku lonse pansi pa mango, boneti ili yotsegula ngakhale palibe chowonongeka. Nkhani za ku Mozambiki zimene ine mwana wawo sindinazimvepo, amuna anga anazimva zonse. Motokayo tikali nayo kuno ku Petauke, ndipo tcheni ija ikali momwemo.

Tsiku limene atate anatisiya ine ndinali ku msika, pafupi nawo panali amuna anga. Nditafika ku Nyimba amuna anga anandikhazika pa bampala ya motoka, n'kunyonyomala patsogolo panga. Anati, "Atate anati ndikuuzeni kuti muchepetse ukali. Anatinso ndikuuzeni kuti munawanyamulila mawu bwino zaka zonse zija, simunagwetse ngakhale amodzi."

Ndinamva bwinobwino, koma ndinawauza kuti abwelezenso.